Ndinkasaka mwini famu, ndakapeza waganyu

Nkhaniyi inayamba ndi homuweki ya mwana. Anabwera nayo kuchokera kusukulu, pepala limodzi lokhala ndi timabokosi, akuti alembemo makolo ake kubwerera m'mbuyo mpaka pomwe angathere. Mbali yanga sinavute, foni imodzi yokha kwa amayi timabokosi tonse tinadzaza mpaka kusowa polemba. Mbali ya bambo ake ndiye eee, amuna anga anatchula mayi awo, anatchula agogo awo, kenako anangoti kukamwa yasa, basi zathera pomwepo. Munthu wamkulu ndithu wandevu zake osadziwa dzina la agogo a mayi ake. Nde tinaimbira apongozi, iwo nkuti aaa musavutike nazo zimenezo, ife kwathu kwenikweni ndi ku Norfolk, kum'mawa kwa England, makolo athu anali ndi famu yawoyawo, zamalasha za ku Durham zinangobwera pambuyo zinthu zitasokonekera. Anayankhula motsimikiza moti mwana analemba kuti mwini famu m'kabokosi komaliza, anakapereka, aphunzitsi anamuchonga, kwa iye nkhani inatha. Ine ndi pomwe inandigwira, ndipo pano chatha chaka ndi miyezi ndikugona mochedwa laputopu ili pamiyendo.

Maina enieni sinditchula, apongozi anandipempha choncho, komanso kunena zoona akanangokusokonezani chifukwa banja limeneli linali ndi maina atatu okha achimuna omwe ankangosinthana ngati malaya. Ndiwapatsa maina angaanga.

Ntchito imeneyi umayambira kwa wamoyo nkumabwerera. Ku England ndi Wales kalembera amachitika zaka 10 zilizonse kuyambira 1801, koma oyambirirawo ankangowerenga mitu, maina a munthu aliyense anayamba kulembedwa mu 1841. Boma limawatsekera zaka 100, ndiye waposachedwa yemwe tingamuone ndi wa 1921, anamutulutsa mu Januwale 2022 pa Findmypast, webusaiti yosakira makolo. Wa 1931 anapsa ndi moto mu 1942, mu 1941 kunali nkhondo sanawerenge anthu, ndiye wotsatira ndi wa 1951 ndipo pomwe azidzatuluka enafe tidzakhala tikuyendera ndodo kapena tili kulichete. Mu 1921 ndinawapeza bambo a apongozi ali khanda la miyezi, ku County Durham, m'nyumba ya anthu a mumgodi okhaokha. Kalembera ameneyu amayenera kuchitika mu Epulo koma anamusuntha mpaka pa 19 Juni chifukwa cha chipwirikiti cha masitalaka, ndipo umachita kuona pa fomu pomwe, pomwe anafunsa kuti umagwira kuti bambo wa khanda lija analemba dzina la mgodi kenako nkuwonjezera kuti pano sali pantchito. M'nyumba momwemo munali mdala wazaka 60 ndi kenakake, agogo a khandalo, ndipo pa malo obadwira analemba Norfolk. Ameneyu ndimutche Wamalasha.

Fomu ya 1911 ndi imene inandiliza, osanama. Kalembera wa chaka chimenecho ndi woyamba yemwe mafomu odzazidwa ndi eni nyumba anasungidwa, a m'mbuyomo kalaliki ankakopera m'buku lake mafomuwo nkuwonongedwa. Ndiye ukuona dzanja lenileni la munthu. Wamalasha ankalemba mopanikiza cholembera, zilembo zikuluzikulu zopendekeka, inki itadonthera pakona. Chaka chimenecho ankafunsa mayi wokwatiwa kuti wakhala zaka zingati pabanja, ana obadwa amoyo angati, otsala angati, omwalira angati. Iye analemba 11, 7, 4. Koma bambo uja sanamvetse kuti fomu ikufuna okhawo amene anagona m'nyumbamo usiku umenewo, anayamba kulemba maina a ana onse ndi omwalira omwe, wina nkudzawadula ndi mzere wofiira. Maina akuwerengeka bwinobwino pansi pa mzerewo. Apongozi sankadziwa ngakhale limodzi mwa anayiwo.

Kubwerera 1901, 1891, zinayenda ngati madzi. 1881 ndinakakamira masabata awiri. Ndinkadziwa kuti ali ku Durham koma kusaka ndi dzina la mudzi wake osatuluka, kenako ndinamupeza ali loja m'nyumba ya eni, zaka 20, ndipo dzina la mudzi wake kalaliki analilemba zoti ngakhale mwini mudzi sangalizindikire. Tangoganizani mnyamata wa ku Norfolk ndi kayankhulidwe kake kokoka kaja akuuza mayi wa nyumba wa kumpoto, mayiyo nkulemba zomwe wamva, kalaliki nkukopera zomwe waona, patatha zaka 100 wina nkutaipa pa kompyuta zomwe waganiza kuti zalembedwa. Dzina limadutsa m'manja anayi lisanakufike. Kuyambira pamenepo ndinasiya kukhulupirira zotaipidwa, ndimatsegula chithunzi cha peji yeniyeniyo nthawi zonse, ndipo ndimayang'ananso nyumba zoyandikana. Pa peji yomweyo panali mabanja ena atatu obadwira ku Norfolk, mseu umodzi. Sizodabwitsa, zaka zimenezo ulimi wa tirigu kum'mawa kwa England unali utagwa, tirigu wotchipa ankabwera pa sitima kuchokera ku America, 1879 kunagwa mvula yowononga mbewu, komanso m'mbuyomo pang'ono mu 1874 eni mafamu anachotsa ntchito anthu amene analowa bungwe la ogwira ntchito m'minda lomwe Joseph Arch anayambitsa mu 1872. Anyamata ankathawira kumigodi komwe ndalama inali yooneka, wina akapita amaitana mnzake.

Mu 1871 Wamalasha ali kwawo ku Norfolk, zaka 10, ndipo pa ntchito sanamulembe kuti mwana wasukulu ayi, anamulemba kuti wa kumunda. Bambo ake analembedwa teamman, mawu a ku Norfolk komweko otanthauza munthu wosamalira ndi kulimitsa mahatchi a pafamu. Ameneyu akhale Wamahatchi. Apa mtima unayamba kale kukayika, mwana wa mwini famu angamalimitse mahatchi a eni? Koma ndinadzitonthoza kuti paja apongozi anati zinthu zinasokonekera. Ndinaitanitsa setifiketi ya ukwati wake, inabwera pa envulopu, Wamahatchi anasaina ndi X, mkazi wake X, ndipo pa dzina la bambo a mkwati ntchito yawo analemba Farmer. Ndinavina pabalaza. Ndinajambula nkutumizira apongozi pa WhatsApp, anayankha ndi timitima.

Vuto linabwera nditafika mu 1851. M'mudzi womwe Wamahatchi ankati anabadwira munali azibambo awiri a dzina limodzi, loyamba ndi lachiwiri lomwe, zaka zosiyana ndi zitatu zokha. Wina analembedwa kuti mlimi wa maekala 30 wolemba ntchito munthu mmodzi, winayo Ag Lab, chidule chomwe chadzaza mabuku onse a kalembera wa kumidzi, kutanthauza wogwira ntchito m'munda mwa eni, waganyu tingotero. Ndipo ngati kuti amachita dala, aliyense anali ndi mwana wamwamuna wa dzina la Wamahatchi, obatizidwa mu tchalitchi chimodzi kusiyana chaka chimodzi. Masetifiketi a kubadwa boma linayamba pa 1 Julayi 1837, anyamata awiriwa anabadwa zisanayambe, ndiye palibe pepala la boma loti likuuze mayi wake ndi uti. Wa 1841 sanandithandize olo pang'ono, ameneyo salemba ubale wa anthu m'nyumba, zaka za aliyense woposa 15 ankazitsitsa kufika pa 5 yapafupi, munthu wa 39 nkukhala 35, ndipo malo obadwira ankangofunsa kuti unabadwira m'boma lomwelino, eya kapena ayi. Anyamata onse awiri ali pomwepo, wina nyumba iyi wina nyumba iyo. Mu 1851 wa kwa mlimi ali pakhomo pa bambo ake, wa kwa waganyu kulibe.

Pa Ancestry, webusaiti inanso yosakira makolo, ndinapeza anthu oposa khumi amene analemba kale mzere wa banjali, onse anamupatsa Wamahatchi kwa mlimi wa maekala 30. Ndinati anthu onsewa sangalakwe, kuphatikiza setifiketi ija, ndinadina nkuvomereza, nkuyamba kukwera m'mwamba ndi makolo a mlimi miyezi itatu yathunthu. Pano ndikayang'ana ndimaona kuti mmodzi analemba, ena onsewo anangokopera, mpaka kalakwitsidwe ka sipelo kanali kofanana kkkk. Ndipo palibe amene amakopera waganyu mlimi alipo, tisanamizane.

Chinandigwetsa ndi wilo ya mlimiyo, imene ndinaifuna chifukwa chofuna kudzionetsera, ndimati ndiwapatse apongozi pa tsiku lawo lobadwa pepala lonena za famu yawo. Nkhani za chuma cha masiye ku England zili ndi mpanda umodzi womwe uyenera kuudziwa, Januwale 1858. Kuchokera pamenepo mawilo onse amadutsa kukhoti la boma ndipo pali buku la chaka chilichonse lotchedwa National Probate Calendar, limalemba dzina la womwalira, komwe ankakhala, tsiku lomwe anamwalira, kuchuluka kwa chuma ndi amene anapatsidwa mphamvu yogawa. Chaka chimenecho chisanafike inali ntchito ya makhoti a mpingo, ndipo analipo ambirimbiri, la archdeacon, la bishopu, ndi akuluakulu awiri a Canterbury ndi York, ndiye umayenera kudziwa kuti munthu wako anali pansi pa khoti liti. Mlimi wathu anamwalira m'zaka za m'ma 1860, ndiye zinali zophweka, ndinamupeza m'bukumo, ndinalipira pa webusaiti ya boma, kopi inabwera pa imelo. Chiwerengero cha chuma chinali chochepa koma musapusitsike nacho, nthawi imeneyo malo ndi nyumba zako sankaziphatikiza pa chiwerengerocho, anayamba kutero mu 1898.

Mapeji awiri ndi theka, opanda fulusitopu ngakhale imodzi, umangopuma pomwe waona chilembo chachikulu. Anasiyira mkazi wake nyumba ndi katundu kwa moyo wake wonse bola asakwatiwenso. Ana aakazi atatu anawatchula aliyense ndi dzina la mwamuna wake, ndipo apa ndi pomwe wilo imaposa kalembera, chifukwa mtsikana akakwatiwa dzina limasintha nkungosowa m'mabuku ngati walowa pansi, koma bambo ake polemba wilo amati mwana wanga uje mkazi wa uje wa mudzi wakuti. Wantchito wa m'nyumba anamusiyira £19 19s, kutanthauza mapaundi 19 ndi mashilingi 19, kuperewera shilingi imodzi kuti akwane mapaundi 20, ndinadabwa kuti bwanji osangoti 20, kenako ndinamva kuti msonkho wa pa cholowa unkayambira pa £20 ndiye anthu ankachotsa shilingi imodzi dala, kuzemba msonkho sikunayambe lero. Ndikuwerenga ndikumwetulira mpaka ndinafika pa mzere wakuti mwana wanga wamwamuna yekhayo, dzina lomwe lija la Wamahatchi, amene pano akukhala ku Canada West. Ndinawerenga katatu. Canada West ndi Ontario ya lero, dzinalo linatha mu 1867. Pomwe wiloyo imalembedwa Wamahatchi wathu anali ku Norfolk akubereka ana chaka ndi chaka. Mwana wa mlimi ndinakamupezadi m'kalembera wa Canada wa 1871 ali ndi munda wake ndi mkazi wake, zake zikuyenda. Miyezi itatu ndinkapembedza makolo a eni.

Ndinatseka laputopu sabata yonse. Amuna anga nkumati tangowasiyani amayi akhulupirire zomwe akukhulupirira, zikupweteka ndani. Mwina amanena zoona koma ine zinandikhala pakhosi, chifukwa kuchotsa mlimi sikutanthauza kuti watsimikiza waganyu, dzina lomwelo likanatha kukhala la munthu wachitatu wa mudzi wina. Ndimafuna pepala lomwe likumumanga Wamahatchi kwa bambo ake. Koma waganyu sasiya wilo. Munthu wolandira mashilingi osakwana 10 pa sabata, nyumba ya bwana, munda wa bwana, angalembe chiyani, agawe chiyani? Ndinasaka dzina lake m'mandandanda onse, palibe.

Amene ananditsegula maso ndi agogo ena aakazi a m'gulu lathu la pa Facebook la anthu osaka makolo a ku Norfolk, akhala akuchita zimenezi kuyambira kale intaneti kulibe. Anandilembera mzere umodzi, akuti mwana wanga siya kusaka wilo ya munthu wako, saka ya mlongo wake wosakwatiwa. Poyamba sindinamve. Koma taganizani, bambo wa ana amasiyira ana ake basi, pomwe munthu wopanda mwana, mbeta, namfedwa, mbeta yachimuna yokalamba, ameneyo amagawira alongo ake, ana a alongo ake, aliyense kumutchula dzina ndi ubale wake kuti asasokonezeke ndi wina. Komanso malamulo a nthawi imeneyo, mkazi akakwatiwa katundu wake ankasanduka wa mwamuna ndipo sakanalemba wilo popanda chilolezo chake, zinasintha ndi lamulo la 1882, pomwe mbeta ndi amasiye ankalemba momasuka. Ndiye mawilo a azimayi a zaka zimenezo ambiri ndi a anthu otere, ndipo amatchula abale mpaka kutopa.

Ndinabwerera m'buku la ubatizo, ndinapeza kuti waganyu anali ndi mlongo wake wamkulu yemwe sindinamupezere ukwati kapena maliro m'mudzimo. Ndinkamusaka kumudzi pomwe iye anali mtauni. Mu 1851 ali ku Norwich, wophika m'nyumba ya anthu olemera, wosakwatiwa, zaka 50 ndi zingapo, malo obadwira mudzi womwe uja. Mu 1861 kulibe. Pa mndandanda wa mawilo a makhoti a mpingo dzina lake linalipo, spinster, kutanthauza mbeta, wa ku Norwich, mpanda wa 1858 usanafike. Ndinali nditalidutsa dzina limeneli kangapo konse chifukwa maso anga ankafuna dzina la mudzi ndi dzina lachimuna.

Ndinakwera sitima kupita ku Norfolk Record Office, komwe amasunga mapepala akale a ku Norfolk. Kumeneko chikwama umasiya m'loka, bolopeni saloledwa, pensulo yokha, anthu ali chete ngati pamaliro koma aliyense nkhope ikuwala. Poyamba ndinaona pa makina a filimu kopi yomwe kalaliki wa khoti anakopera m'buku, kenako ndinapempha ngati pepala lenileni lilipo, ndipo linalipo. Tsamba limodzi lopindika panayi, lofiirira m'mphepete, lolembedwa ndi dzanja la munthu wina wodziwa kulemba, koma pansi pake Azakhali, ndiwatche choncho, anasaina okha dzina lawo. Zilembo zonjenjemera, chimodzichimodzi ngati mwana wa sitandade 1, koma osati X. Pambali pake mboni ziwiri monga lamulo la 1837 linkafunira. Ndinakhala kaye osawerenga, kungoyang'ana siginecha imeneyo, mayi woti mlongo wake ndi mwana wa mlongo wake onse ankadinda X, iye kaya anaphunzirira kukhitchini kwa eni kaya kusukulu ya Sande.

Zomwe anagawa mukhoza kuzinyamula pa ngolo imodzi. Kwa mlongo wanga, dzina lija, wa mudzi wakuti, labourer, bedi langa la nthenga ndi mabulangete awiri ndi £10 za ku banki yosungira ndalama. Mawu amenewo, labourer, kutanthauza waganyu, anawaika dala, ankadziwa kuti m'mudzimo muli awiri a dzina limodzi ndipo sankafuna bedi lake lipite kwa wa maekala 30. Kwa mwana wamkazi wa mlongo wangayo, mkazi wa wosoka nsapato wa mudzi wakuti, zovala zanga zonse, masupuni asiliva 6 ndi £5, zikhale zakezake, mwamuna wake kapena angongole a mwamuna wake asazikhudze. Apa ndinaseka mokweza mpaka bambo wina wa tebulo loyandikana anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, Azakhali ankamudziwa bwino mkamwini ameneyu. Kenako mzere womwe ndinakwerera sitima, kwa mwana wake wamwamuna, dzina la Wamahatchi, amene pano akugwira ntchito pa famu ya bambo uje m'mudzi wakuti, Baibulo langa ndi £5.

Mudzi umene anautchulawo ndi womwe ukwati wa Wamahatchi unachitikira. Ndinatsegula 1851 pa foni pomwepo, famu ya bambo ujeyo, pansi pa ana a mwini nyumba pali wantchito wazaka 16, dzina lomwelo, wobadwira mudzi womwe uja. Nchifukwa chake sanali pakhomo pa bambo ake usiku wa pa 30 Malichi chaka chimenecho, ana a aganyu ankachoka adakali aang'ono kukagona kwa mabwana. Nditafika kunyumba ndinatulutsa setifiketi ya ukwati ija, yomwe ndinaivinira pabalaza, nkuyang'ana pansi pomwe sindinayang'anepo ndi kale lomwe, pa mboni. Mboni yachiwiri inali mayi wa dzina la wosoka nsapato. Mlongo wake. Pepala linali m'nyumba mwanga miyezi yonseyi likundiuza, ine maso ali pa mawu amodzi aja akuti Farmer.

Nanga Farmer ameneyo anachokera kuti? Wansembe ankalemba zomwe wauzidwa, sankafufuza. Mwina mnyamata anafuna kuoneka bwino pamaso pa akuchikazi, mwina bambo ake anali ndi kadimba ndi nkhumba imodzi iye nkuti basi ndi ulimi womwewo, mwina wansembe anamva dzina nkuganiza za mlimi uja yemwe ankamudziwa. Ine ndimakhulupirira choyambacho, ndipo sindimuweruza, tsiku laukwati aliyense amakweza bambo ake pang'ono. Chomwe chimandisangalatsa nchoti bodza la mawu amodzi linayenda mibadwo isanu mpaka kudzalowa m'kabokosi ka homuweki ya mwana wanga. Komanso silinali bodza lenileni lonse, nditakwera m'badwo wina ndinapeza kuti mlimi ndi waganyu abambo awo anali mkulu ndi mng'ono, azungu amati makazeni koma ife tikanangoti ndi pachibale. Malo anapita kwa mwana woyamba nkumatsika mbali imeneyo, mbali ya wamng'ono inatsala ndi manja. Ndiye famu inaliko, kungoti mbali yathu inkalowamo m'mawa ndi khasu nkutuluka madzulo.

Dzina la wosoka nsapato linanditsegulira chitseko china. Waganyu ndinali nditamutaya pambuyo pa 1851, m'mudzi mwake munalibe. Mu 1861 ali m'nyumba ya mkamwini wakeyo, mkazi wake atamwalira, akadali Ag Lab tsitsi litayera, ubale wake kwa mwini nyumba father-in-law. Chenjerani nawo mawu a in-law m'mabuku amenewa, nthawi zina son-in-law amatanthauza mwana womupeza osati mkamwini, ndinaonapo wazaka 6 atalembedwa choncho. Koma apa zinali zoona, anali mpongozi. Ndimaganiza kuti bedi la nthenga lija linasamuka naye.

Mu 1871 m'nyumba ya wosoka nsapato muli ana 8, mdala mulibe. Ndinaganiza kuti anamwalira, ndinasaka imfa yake osaipeza, kenako ndinachotsa dzina la mudzi pa sechi nkungosiya dzina ndi zaka. Anatuluka pa peji yopanda mabanja, maina okhaokha kutsika mpaka pansi, aliyense pauper. Workhouse. Izi zinali nyumba za amphawi zomwe zinachuluka ndi lamulo la 1834, midzi ingapo inkaphatikizana kumanga imodzi, ndipo anazikonza dala kuti zikhale zowawa kuti munthu asalowemo pokhapokha zitamuthina zenizeni, amuna kwaokha, akazi kwaokha, ana kwaokha, yunifolomu, belu. Dzina lake lili pakati pa nkhalamba zinzake, ndipo pa ntchito pafupifupi onse kalaliki anangolemba kamodzi pamwamba kuti kale anali wa kumunda, ena onse nkumangoika timizere tosonyeza kuti chimodzimodzi, chimodzimodzi, chimodzimodzi. Chaka chomwecho mdzukulu wake wazaka 10 ali kumunda, mwana wake ali ndi mahatchi a eni mamailosi ochepa chabe kuchokera pamenepo. Setifiketi ya imfa inadzatsimikiza kuti anafera momwemo, wokanena za imfayo anali mkulu woyang'anira nyumbayo osati wachibale. Ndinayamba kumukwiyira wosoka nsapato kenako ndinawerenganso ana 8 aja ndi zipinda zomwe nyumba zotere zinkakhala nazo, mkwiyo unaphwa. Workhouse ya ku Gressenhall, ku Norfolk komweko, pano ndi myuziyamu, si yomwe iye anali koma tinapitako ndi mwana kuti tione, iye anakonda mahatchi akuluakulu a pafamu yake, ine ndinakhalitsa pa bwalo la nkhalamba.

Kuwauza apongozi ndinazengereza mwezi. Tsiku lobadwa linadutsa, ndinawagulira sikafu. Kenako Lamlungu lina tinapita, ndinayala mapepala pa tebulo motsatana, 1921 mpaka 1841, wilo ya mlimi mbali iyi, ya Azakhali mbali iyo. Ndinati amayi, famu ija ndaipeza koma pali nkhani. Anavala magalasi, anamvetsera osandidula, zomwe si khalidwe lawo. Nditafika pa workhouse anachotsa magalasi nkuyang'ana pawindo kanthawi, kenako akuti bambo anga ankakana kugona m'chipatala china chakale cha kwathu kuja mpaka tsiku lomaliza, ankati kumeneko munthu sabwerako, ife tinkangoti ndi makani. Zipatala zambiri zakale za ku England zinayamba ngati ma workhouse, ine ndinkadziwa zimenezo kuchokera m'mabuku, iwo ankazidziwa kuchokera kwa bambo awo osadziwa kuti akudziwa.

Za famu sanafunsenso. Anakoka kopi ya wilo ya Azakhali, anaika chala pa siginecha, akuti ndiwerengereninso paja pa masupuni. Ndinawerenga, mwamuna wake kapena angongole ake asazikhudze, anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anadzuka osanena kanthu, ndinamva akutsegula madirowa kuchipinda, anabwera ndi kasupuni kamodzi kakuda ndi ukalamba kopindika pang'ono pa chogwirira, akuti aka kanali ka agogo anga, sindikudziwa kuti anakatenga kuti. Mtima unagunda koma ndinadzigwira, masupuni aja anapita kwa mkazi wa wosoka nsapato osati mbali yathu, ndipo ndaphunzira kale zomwe zimachitika ukafuna kwambiri kuti chinthu chikhale choona. Kumbuyo kwake kuli timadindo tinayi tating'onoting'ono, kamodzi ndi chilembo chosonyeza chaka chomwe siliva anayesedwa. Ndakajambula pa foni koma sitikuoneka bwino, ndaitanitsa galasi lokulitsira, akuti lifika Lachinayi.